Chiberekero cha Serafina

"Ndanena kale, mpeni wa dokotala sukhudza mimba ya munthu pakhomo pano ine ndili moyo!"

Amene ankalankhula anali a Luciana, mlongo wake wamkulu wa Damiano, atakhala pa mpando wokhawo wa pakhomopo, pansi pa mtengo wa masau. Anafika m'mawa kuchokera ku Mphuka, ndipo chifikireni anali asanapumitse pakamwa.

"Mimba yake ya ndani, alamu?" anafunsa Serafina, mkazi wa Damiano, ali chigonere pa mphasa. Mawu ake anali otsika, koma lilime linali lakuthwa monga mwa masiku onse. "Ngati ndi yanu, mwanena bwino. Koma amene akutaya magazi ndine."

"Wamva, Damiano? Wamva mmene akuyankhira? Chiberekero chikadali m'mimba akuyankha chonchi. Nanga akakachichotsa?"

Damiano anali pakati pa awiriwo, ukonde uli pamiyendo, akusoka pamalo pamene panalibe chong'ambika. Pa Kavalamanja ponse ankamudziwa kuti ndi msodzi wosaopa mvuu kapena ng'ona. Koma mlongo wakeyu ankamuopa, mkazi wake ankamukonda, ndiye masana amenewo anasowa koyang'ana.

"Asisi, a dokotala anati m'chiberekeromo muli zotupa..."

"Zotupa! Ndani alibe chotupa pa dziko pano? Ine ndili nacho pabondo apa, kodi andidule mwendo? Mvera ine. Mkazi akachotsedwa chiberekero amatsala thumba chabe. Thupi limazizira, ndevu zimamera, mawu amasanduka a besi. Udzakhala ndi mwamuna mnzako m'nyumba!"

"Mwina zingatithandize," anatero Serafina. "Kukwaya kwathu mabesi ndi ochepa."

Damiano anafuna kuseka, koma atakumana ndi diso la mlongo wake anasandutsa kusekako kukhala chifuwa.

Komatu nkhaniyo sinali yoseketsa, ndipo iye ankadziwa. Kuyambira mvula ya chaka chatha, Serafina akapita kumwezi magazi sankaleka. Ankatha masabata, kuleka pang'ono, n'kuyambiranso. Zikhatho zake zinayera ngati mimba ya nsomba. Mimba inatupa mpaka azimayi ku mjigo anayamba kumufunira mafuno abwino, ati pali mwana wa muukalamba. Kudimba anasiya kupita chifukwa ankapuma panjira ngati wanyamula thumba la chimanga. Kutchalitchi ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, kuopa kuti akaimirira anthu aona chitenje.

"Atate ake Karen," anatero Serafina, tsopano osaseka, "ine ndakuberekerani ana asanu. Karen wabereka, tili ndi zidzukulu. Chiberekero chimenechi ntchito yake chinagwira. Manje chikundidya."

"Ndiye ngati wasankha kukhala thumba, usadzalire," anatero a Luciana. "Ku Mphuka kuli mayi wina wamasiye, wathunthu, wolimba ngati chitsa. Mlongo wanga sangagone ndi mphepo."

"Mubwere naye, alamu. Azitunga madzi, ine ndatopa."

"Iyayi!" anakuwa Damiano, ukonde n'kugwa pansi. "Mukundigawa ngati nsomba ine ndili pompano? Sindinapemphe mkazi kwa munthu!"

"Ndiye ukhale mwamuna," anatero mlongo wake. "Tsiku limene a dokotala anamuuza kuti abwerere kuchipatala ku Boma, upite naye. Ukawauze a dokotalawo kuti banja lakana."

Tsikulo litafika, Damiano anavala shati yake ya pa Sabata, n'kukwera galimoto ya ku Boma ndi mkazi wake. Njira yonse ankayeseza mawu chamumtima. Banja lakana. Ife a banja takana. Pofika pachipatala anali atawakonza bwino, ndi nkhope yomwe.

Dokotala wake anali mayi wamfupi, wamagalasi, wosathamanga polankhula. Damiano anakhala pansi, n'kuika chipewa pabondo.

"Ine ndine mwamuna wawo. Ndabwera kudzakana."

"Mwachita bwino kubwera," anatero dokotalayo. "Koma kukana simungakane, bambo. Thupi ndi la amayiwa, ovomera kapena kukana ndi iwo. Inu chimene mungachite ndi kufunsa. Funsani chilichonse, nthawi ilipo."

Mawu onse amene anakonza panjira anamuthawa. Anakanda kumutu, n'kufunsa kuti zotupazo zinabwera bwanji, ngati pali munthu amene anachita chipongwe.

"Palibe anawalodza, ndipo palibe chimene iwo analakwa. Zotupa zimenezi zimamera zokha m'mnofu wa chiberekero, ndipo azimayi ambiri ali nazo osadziwa, sizimawavuta. Si khansa, tinapima. Kungani nkhonya. Eya, chiberekero chabwinobwino kukula kwake ndi kumeneko. Cha amayiwa chafika ngati dzungu. N'chifukwa chake magazi sakuleka, ndipo chikukanikiza chikhodzodzo."

"Nanga mankhwala?"

"Tinayamba ndi mankhwalawo, sanathandize. Ena timangochotsa zotupa zokha, makamaka amene akufunabe ana. Koma kwa awa ndi zambiri, zikuluzikulu. Kuchotsa chiberekero si chinthu chimene timathamangira. Timachita zikafika potere, kapena pakakhala khansa, kapena chiberekero chikang'ambika pobereka, kapena magazi akakana kuleka mwana atabadwa. Pamenepo timasankha moyo wa munthu."

Damiano anayang'ana pansi, kenako pazenera. "Anthu akuti... ndevu."

"Ndevu sizimera. Chimene chimasunga thupi la mkazi mmene lilili ndi timatumba ta mazira tili m'mbalimu, ndipo timeneto tikapeza tili bwino timatisiya. Chimene chidzasinthe ndi chakuti sadzapitanso kumwezi, ndipo sadzatenganso mimba. Basi."

"Nanga za..." Apa Damiano anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa yankho. "Za m'nyumba. Za banja."

Serafina anaphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Njira yonse imatsala mmene ilili," anatero dokotalayo, nkhope ili phee. "Mudzadikira mwezi ndi theka kuti bala lipole, osawanyamulitsa zolemera. Kenako zonse monga kale. Ambiri amati zimakhala bwino kuposa kale, chifukwa ululu wachoka."

"Mwamva, atate ake Karen? Mwezi ndi theka chabe. Simufa."

Damiano anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Anazunguza chipewa m'manja, ndipo funso limene linali pansi pa mafunso onse linatuluka lokha. "Mukawagoneka, adzadzuka?"

Dokotalayo anavula magalasi. "Sindingakunamizeni, opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake. Koma imeneyi timaichita kawirikawiri, ndipo azimayi amapita kwawo akuyenda okha. Chimene ine ndikuopa ndi kuwasiya chonchi. Magazi awo atsika kwambiri. Musachedwe."

Serafina ananena pomwepo kuti iye wavomera, ndipo dokotala anamupatsa tsiku la opaleshoni mwezi wotsatira ndi mapiritsi owonjezera magazi. Pobwerera Damiano anamugulira fanta wozizira. Mumtima anali atagonja, koma ankadziwa kuti kunyumba mpando uja ukadali ndi mwini wake.

A Luciana atamva kuti mlongo wawo sanakane, anaomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti anadziwa kale, dokotala wamkazi wamudyetsa mawu. Sanabwerere ku Mphuka. Anakhala, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo sabata isanathe nkhani ya mimba ya Serafina inali ku mjigo, kudooko ndi kuchigayo. Amuna ena akamuona Damiano ankasiya kulankhula. Wina anamufunsa mokweza ngati wagula kale lezala lachiwiri.

Loweruka lina m'mawa a Luciana anabwera ndi mlendo. Anali amai Elina, mlangizi wa azimayi kutchalitchi, mayi wathupi, woseka mpaka kugwira nthiti. Amuna awo, a Luis, ankawanyamula panjinga kulikonse, ndipo m'mudzimo mtsikana akamakwatiwa ankamuuza kuti akasunge banja ngati amai Elina.

"Ndakuitanirani munthu wodziwa banja," anatero a Luciana, onse atakhala pansi pa masau. "Taona mkazi weniweni uyu, Serafina. Zaka zonsezi a Luis sanayang'anepo kumbali. Amai, muuzeni mwana uyu chimene chimasunga mwamuna pakhomo. Muuzeni kuti mkazi wopanda chiberekero ndi chiyani."

Amai Elina anakonza duku, n'kuyang'ana Serafina nthawi yaitali, makamaka milomo yake yotuwa ija.

"Mkazi wopanda chiberekero? Ndi uyu wakhala apayu. Ndine."

 

"Mukuseka," anatero a Luciana.

"Ndikuseka chiyani? Pobereka Wendy, chitsiriza wanga, magazi anakana kuleka. Akanapanda kuchichotsa usiku umenewo, a Luis akanalera ana okha. Nditabwerako ndinauza anthu kuti anandichotsa kathumbo, chifukwa ndinkadziwa milomo ya pano. Wendy lero ali ndi ana awiri. Taonani chibwano changa, a Luciana, bwerani pafupi. Ndevu zili pati?"

"Koma a Luis..."

"A Luis akafunseni nokha chimene amandinyamulira panjinga. Ine sindinganene pamaso pa Damiano, angathawe."

Serafina anaseka mpaka misozi. Damiano anaseka naye, akumenya bondo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo anamva chifuwa chake chikupepuka. A Luciana okha ndi amene sanaseke. Anati zimenezo ndi zina, wina anachotsedwa ali pa imfa, wina akudzipereka yekha ali bwinobwino.

"Bwinobwino?" anatero amai Elina, kuseka kutatha. "Ine ndinakhala chete zaka zonsezi, ndipo kukhala chete kwangako kwapweteketsa anthu. Pano pali azimayi akubisa nsanza zamagazi m'tchire, kuopa kutchedwa thumba. Tidikire tiwaike m'manda ali athunthu?"

"Alendo akhala pouma," anatero Serafina, pofuna kuziziritsa nkhani. "Ndikatenge madzi."

Anadzuka, n'kuyenda pang'ono kulowera kukhitchini. Damiano anamuona akugwira mtengo wa khonde, kenako miyendo ikupinda pang'onopang'ono ngati nsalu yogwa pachingwe. Pomwe ankafika, mkazi wake anali pansi, maso atatembenuka, chitenje chitanyowa kumbuyo konse.

"Amake Karen! Serafina!"

Sanafunse munthu. Anamunyamula m'manja, n'kudabwa mmene anapepukira, n'kuthamangira kudooko. Kunali boti la injini la wamalonda wina wa ku Zumbo limene linkapakira nsomba zouma. Mwini wake ataona, anatsitsa madengu awiri kuti apeze malo. Amai Elina anakwera, n'kuika mutu wa Serafina pamiyendo pawo. Boti lili pafupi kunyamuka, a Luciana anafika akuwefuka, nsapato zili m'manja, n'kudziponya mkati.

Ulendo wotsika Zambezi umenewo Damiano anauyenda kambirimbiri, koma tsikulo mtsinje unatalika. Ankamuwaza madzi kumaso, akumuitana mayina onse, ndi la paubwana lomwe. Chapakati panjira Serafina anatsegula maso, n'kuyang'ana madengu a nsomba amene anamuzungulira.

"Mwandigulitsa kale?" ananong'ona.

"Khala chete, mulamu, sunga mphamvu," anatero a Luciana, akumukupiza ndi nsapato. 

Kuchipatala anamuika magazi, botolo lina litatha n'kuikanso lina. Dokotala uja anati za mwezi wamawa zatha, akangopeza mphamvu pang'ono alowa naye. Patapita masiku angapo, m'mawa, anamukankha pa kabedi kamatayala. Serafina anagwira dzanja la mwamuna wake n'kumuuza kuti asaiwale kuthirira tomato wake, ndipo chitseko chinatsekedwa.

Damiano anakhala pa benchi, kudzuka, kukhalanso. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, mpaka la pachakudya. A Luciana anakhala pambali pake, kenako anati iwo sachoka mpaka ataona ndi maso awo chimene chachotsedwacho, chifukwa anamva kuti ena amangodula munthu popanda chifukwa.

Dzuwa litafika pamutu dokotala anatuluka. "Zayenda bwino. Adzuka, akufunsa madzi." Atamva pempho la a Luciana, anabwerera mkati kukafunsa mwini wake, ndipo Serafina anati awaonetse. Nesi anabwera ndi beseni lovindikira, n'kuwaitanira m'kachipinda kapambali.

Atavundukula, a Luciana anabwerera m'mbuyo. M'besenimo munali chinthu chachikulu ngati dzungu la kudimba, chamabampumabampu, cholimba. Nesi anawauza kuti anyamule beseni aone kulemera kwake. Ananyamula, n'kulitsitsa msanga.

"Mulamu wanga ankayenda ndi chimenechi?" anafunsa motsitsa mawu. "Ankatunga madzi ndi chimenechi? Ndipo ine ndinkati... Damiano, taona. Damiano?"

A Luciana anatembenuka. Msodzi amene anakokapo ukonde ng'ona ili momwemo anali gone pa simenti, chipewa chili uko. Anatsitsimuka nesi akumukweza miyendo, mlongo wake akumukupiza ndi nsapato, akumuuza kuti wachititsa manyazi mtundu wonse.

Madzulo anawalola kulowa mu wodi. Serafina anali wofooka, milomo youma, koma nkhani ya kukomoka inali itamufika kale.

"Musandiseketse, bala lipweteka," anatero, akugwira pamimba. "Odulidwa ndine, okomoka ndinu?"

A Luciana sanapepese ndi pakamwa, si khalidwe lawo. Anangotulutsa phala m'kachikho, n'kuyamba kumumwetsa ndi supuni, akukalipira manesi kuti pilo ndi wowonda. Anakhala pachipatalapo mpaka tsiku lotuluka, akugona pansi pa bedi, ndipo za mayi wamasiye wa ku Mphuka sizinamvekenso.

Atabwerera ku Kavalamanja, lamulo la dokotala linali limodzi, osanyamula zolemera. A Luciana anabwerera kwawo kukaona mapira, ndiye ntchito ya madzi inagwera Damiano. Tsiku loyamba anapita ku mjigo ndi ndowa ziwiri, azimayi n'kumuimbira nthungululu. Anayesa kusenza pamutu, theka la madzi linathera m'shati. Anaphunzira kusesa, kutsuka mapoto ndi mchenga, ndi kupsereza nyemba. Serafina ankakhala pakhonde akumulangiza ngati kapitawo. Sabata ndi sabata magazi ankabwerera m'zikhatho zake. Anayamba kuyenda mpaka kudimba, kenako Sabata lina anadutsa benchi yakumbuyo ija, n'kukaima kutsogolo ndi anzake a kwaya, atavala chitenje choyera.

Masana ena Damiano akuchokera ku mjigo, ndowa ili pamutu, anapeza munthu akumudikira panjira pafupi ndi nyumba. Anali Alberto, msodzi mnzake wa kumtunda kwa mudzi, munthu wamanyazi. Anapereka moni, n'kufunsa za nsomba, za mphepo, za njovu zimene zinalowa m'madimba. Damiano anaima, khosi likuwawa, madzi akudontha.

"Alberto, ndowa iyi ndi yolemera. Nena chimene wabwerera."

Alberto anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndi amake mwana kunyumba. Magazi. Yapita miyezi. Akukana kupita kuchipatala, ati akamuchotsa chiberekero ine ndimusiya. Manje ndimati ndifunse iwe, mwamuna mnzanga. Alamuwa, chichitireni opaleshoni... akadali mkazi?"

Damiano anatsegula pakamwa, koma yankho linachokera pakhonde.

"A Alberto, mukufunsa amene anakomoka? Anaona chiyani ameneyo?" Serafina anali ataimirira, akumanga chitenje m'chiuno. "Ndipo ndani wakuuzani kuti akachotsa? Mwina ndi za mapiritsi chabe, akapime kaye. Tiyeni kwanu, ndikalankhule naye ndekha. Koma mawu akuti simumusiya mukanene ndinu, ine ndili pomwepo."

Anatsika pakhonde, n'kudutsa amuna awiriwo ndi liwiro limene Damiano anali asanalione chaka chonse. Alberto anamutsatira chothamanga. Atafika pokhota njira, Serafina anatembenuka.

"Atate ake Karen, mgolo sunadzaze. Kwatsala ndowa ziwiri."